Momwe mungawerengere zovala za amayi pa zithunzi zakale za ku Ulaya

Zithunzi za amayi olemera zimene amisiri a ku Ulaya ankapenta kuyambira cha m'ma 1480 mpaka cha m'ma 1700 zimaoneka zofanana ukaziona koyamba. Nkhope yosamwetulira, kolala yotambasuka, diresi lolemera loti munthu sangagwire nalo ntchito iliyonse. Ambiri timangoti "koma anthuwa ankatchena" n'kudutsa. Komatu pa zithunzi zimenezi nkhani yaikulu yagona pa nsalu. Diresi ndi limene linkauza woona kuti mayiyu ndi mwana wa yani, anakwatiwa kubanja liti, chuma cha kumeneko n'chotani, ndiponso amapemphera mpingo uti.

Chofunika kuchigwira kuyambira pachiyambi n'chakuti chovalacho sichinkalankhulira mayi mwiniwake nthawi zonse. Kawirikawiri chinkanena zimene akufuna bambo ake, mwamuna wake, boma kapena kampani imene yalipira mmisiri. Malangizo awa akuthandizani kumva zimene chovala chikunena ndi kuzindikira amene anachituma.

Choyamba: pezani chithunzi chooneka bwino, ndipo dekhani

Musadalire chithunzi chimene chayenda pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa chimakhala chitafinyidwa ndipo ulusi wa nsalu suonekanso. Pitani pa intaneti, patsamba la nyumba imene imasunga chithunzicho. Rijksmuseum ya ku Amsterdam ndi National Gallery of Art ya ku Washington zimalola munthu kutenga zithunzi zakale zooneka bwino kwambiri kwaulere, ndipo patsamba la National Gallery ya ku London mutha kukuza chithunzi mpaka kuona mmene burashi inayendera. Ngati bandulo ndi yochepa, sankhani chimodzi chokha. Abale amene muli ku London muli ndi mwayi, chifukwa ku National Gallery, ku National Portrait Gallery ndi ku Victoria and Albert Museum kulowa n'kwaulere.

Chithunzi chikatseguka, phimbani nkhope ndi chala. Nkhope imakopa maso n'kukuiwalitsani zina zonse. Yambani kumutu kutsika mpaka kumapazi, n'kumalemba zimene mukuona musanawerenge zimene akatswiri analemba: chakumutu, tsitsi lili poyera kapena lophimbidwa, kolala, mikono ya diresi, m'chiuno, zimene zili m'manja, pansi pamene waponda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri: funsani amene analipira, ndi ntchito ya chithunzicho

Funso limeneli likakusowani, zina zonse muzimva molakwika. Onani chithunzi cha Giovanna Tornabuoni chimene Domenico Ghirlandaio anapenta ku Florence, chimene tsopano chili ku Madrid. Mtsikanayu anakwatiwa ndi Lorenzo Tornabuoni mu 1486 ndipo anamwalira mu 1488 ali ndi pakati, asanapitirire zaka 20. Chithunzicho chinapentedwa iye atamwalira kale. Kuzani paphewa pake: pansalu yagolideyo pali chilembo L, cha dzina la mwamuna wake, ndipo nsalu yonse yadzaza zizindikiro za banja la apongozi ake. Ku Florence banja la mkazi ndi limene linkapereka chuma kwa mwamuna pa ukwati, ndipo mwamunayo ankabweza pomuveka mkwatibwi madiresi ndi miyala yamtengo wapatali. Koma mwalamulo zovalazo zinkakhalabe za mwamuna. Ukwati ukakhazikika ankatha kuzigulitsa kapena kubweza kumene anabwereka. Ndiye mukamaona Giovanna atavala golide, mukuona chuma cha a Tornabuoni chitavekedwa pathupi la mwana wa eni.

Zithunzi zina zinali zofunsira mbeta. Mu March 1538 mfumu Henry VIII ya ku England inatuma Hans Holbein ku Brussels kuti akajambule Christina wa ku Denmark, amene anali ndi zaka 16 koma ali kale mkazi wamasiye wa wolamulira wa ku Milan. Christina anakhala pamaso pa mmisiriyo maola atatu okha. Pachithunzi chimene chili ku National Gallery waima wathunthu, atavala zakuda za maliro zokhala ndi ubweya wa nyama m'mphepete, magolovesi ali m'manja. Diresilo likunena zinthu ziwiri nthawi imodzi: amalemekeza mwamuna wake woyamba, komanso ndi womasuka kukwatiwanso. Ukwati ndi Henry sunachitike.

Chachitatu: yesani kulingalira mtengo wa nsalu ndi utoto wake

Pano khalanipo nthawi, chifukwa anthu a nthawi imeneyo ankadziwa mtengo wa nsalu pongoyang'ana. Onani mmene kuwala kwagwera. Nsalu ya silika yosalala imanyezimira m'mizere yoyera pamene yapindika. Veleveti imada pakati n'kuwala m'mphepete mwa makwinya. Nsalu ya ubweya wa nkhosa siinyezimira konse. Pamene mmisiri waika timadontho tachikasu totukuka, akukuuzani kuti pamenepo panalukidwa ulusi wagolide weniweni.

Chitsanzo chotchuka ndi Eleonora di Toledo, mkazi wa Cosimo de' Medici wolamulira Florence, amene Agnolo Bronzino anamupenta cha mu 1545 ali ndi mwana wake wamwamuna pambali. Chithunzichi chili ku Uffizi, nyumba yosungira zithunzi ya ku Florence komweko. Diresi lake ndi loyera, lokhala ndi maluwa akuda a veleveti ndi zipatso zagolide zooneka ngati makangaza, chipatso cha njere zambiri chimene chinkaimira kubereka. Eleonora anaberekadi ana 11. Pamapewa ndi kumutu wavala ukonde wa ulusi wagolide wothiridwa ngale, kavalidwe ka kwawo kwa makolo ake a ku Spain. Florence unali mzinda wa amisiri oluka silika, ndipo nsalu yotereyi inkawonetsa mafumu ena zimene mzindawo ungapange. Pathupi la mayi mmodzi aikapo mbiri ya banja lake, tsogolo la ufumu wa mwamuna wake ndi malonda a mzinda wonse.

Samalani kwambiri ndi mtundu wakuda. Ife tikaona mayi atavala zakuda zokhazokha timaganiza za namfedwa, ndipo kwa Christina tingakhoze. Koma kwa ambiri sizinali choncho. Kuti nsalu ide bii osathimbirira inkafunika kunyikidwa mu utoto kangapo, choncho nsalu yakuda bwino inali yodula. Akuluakulu a kunyumba ya mfumu ku Spain anaikonda, ndipo dziko la Spain litalanda Mexico linayamba kubweretsa mtengo wina wa ku Campeche wotulutsa utoto wakuda kwambiri. Amalonda olemera a ku Netherlands nawonso ankavala zakuda. Kuzani diresi lakuda pa chithunzi cha ku Amsterdam, mupeza kuti muli timaluwa ndi timadontho tolukidwira m'nsalu momwemo, takuda pa chakuda, chuma chobisika mwadala kuti achione okhawo odziwa. Utoto wofiira kwambiri nawo unkachokera ku Mexico, ku tizilombo ting'onoting'ono tokhala pa zomera zaminga, timene ankatiumitsa n'kutipera.

Chachinayi: fufuzani lamulo la zovala la dzikolo

Munthu sankangovala chifukwa choti ali ndi ndalama. Mu 1574 mfumukazi Elizabeth I ya ku England inalengeza lamulo lofotokoza amene angavale chiyani. Nsalu yolukidwa ndi golide ndi ubweya wa kanyama kotchedwa sable zinkaloledwa kwa amayi a maudindo apamwamba okha, monga duchess ndi countess, ndipo mndandanda unkatsika choncho udindo ndi udindo. Ku Venice, kuyambira mu 1514 kunali akuluakulu a boma amene ntchito yawo inali yoyang'anira kudzionetsera pa zovala ndi pa maphwando. Choncho mukaona mkazi wa wamalonda atavala chimene lamulo limamuletsa, chithunzicho chikunena kuti banjali lakwera, kapena likufuna lioneke ngati lakwera.

Musaganize kuti malamulowa ankatsatidwa. Ankawabwereza kawirikawiri chifukwa anthu ankawaphwanya, ndipo ku England anathetsedwa mu 1604. Ku Spain, mu 1639 mfumu Philip IV inaletsa siketi yotambasuka m'mbali yotchedwa guardainfante. Patangopita zaka khumi ndi zochepa, Diego Velázquez anapenta mfumukazi Mariana, mkazi wa mfumu yomweyo, atavala siketi yomwe ija, yaikulu kuposa kale.

Chachisanu: yang'anani kolala

Kolala ndi imene ingakuthandizeni msanga kudziwa zaka za chithunzi. Cha m'ma 1550 inali kamphonje kakang'ono kotulukira pakhosi pa malaya amkati. Pofika m'ma 1580 inali itakula n'kukhala chinthu chapachokha chozungulira khosi lonse. Ankaisoka ndi mamita ambiri a bafuta wopyapyala, kuinyika m'sitachi, kenaka kupinda khwinya lililonse ndi kachitsulo kotenthetsa pamoto. Mvula ikainyowetsa, kapena ikachapidwa, ntchito yonse inkayambiranso. Ndiye kolala yoyera bwino ikukuuzani za munthu amene sali pa chithunzi: wantchito amene anadzuka m'mamawa kuti aikonze. Ikukuuzaninso kuti woivalayo sawerama kuti agwire ntchito.

Koma musamangowerengera chaka ndi kolala yokha. Mu 1634 Rembrandt anapenta amayi awiri. Aechje Claesdr, gogo wa zaka 83 amene chithunzi chake chili ku London, wavala kolala yamakwinya yozungulira khosi ndi kachipewa koyera. Oopjen Coppit, wa zaka za m'ma 20, wavala kolala yogona pamapewa, ya lesi yoluka mabowomabowo, monga zinkavalidwira ku France. Chaka chimodzi, mmisiri mmodzi, dziko limodzi. Gogoyo anakana kusiya kavalidwe ka pa utsikana wake, ndipo kukanako n'kumene kukusonyeza msinkhu ndi ulemu wake.

Chachisanu ndi chimodzi: musafulumire kukhulupirira kuti diresilo linalipodi

Apa ndi pamene ambiri amagwa, makamaka atelala ndi okonza zisudzo amene amafuna kusoka potengera chithunzi. Kwa zaka zambiri anthu ankanena kuti Eleonora anaikidwa m'manda atavala diresi la makangaza lija. Manda ake anatsegulidwa mu 1857, ndipo pambuyo pake akatswiri atafufuza bwinobwino nsalu zimene zinatsalamo anapeza kuti linali diresi lina, losavuta poyerekeza ndi la pachithunzi. Akatswiri ena tsopano amakhulupirira kuti Bronzino anapatsidwa nsalu chabe, diresilo n'kulisoka ndi burashi.

Ku England, kuyambira nthawi ya Anthony van Dyck m'ma 1630, ndipo makamaka nthawi ya Peter Lely m'ma 1660, amayi a kunyumba ya mfumu ankapentedwa atavala nsalu za silika zotayirira, zongomangidwa ndi kachingwe ka ngale, phewa lili pamtunda. Palibe amene ankayenda choncho mumsewu. Kunja ankavala zothina zolimbitsidwa ndi mafupa a namgumi. Kutayirira kwa pachithunziko kunali ndi ntchito ziwiri: chithunzi chisakalambe fashoni ikasintha, komanso chisonyeze udindo, popeza ndi wamkulu yekha amene ankalandira alendo asanavale mokwanira.

Kuti muone pamene mmisiri ananena zoona, fufuzani Margaret Layton ku Victoria and Albert Museum. Kumeneko kuli chithunzi chake cha m'ma 1620 pamodzi ndi jekete lenilenilo limene wavala pachithunzipo, la bafuta wopetedwa maluwa, mbalame ndi agulugufe ndi ulusi wa silika ndi wagolide. Ziikeni pambali ndi pambali. Maluwa akufanana, koma pachithunzi jeketelo likuoneka lalifupi, chifukwa Margaret anakweza siketi pamwamba pake. Jeketelo linasokedwa zaka zingapo m'mbuyomo, fashoni inali itakweza chiuno, ndipo iye sanafune kutaya chovala chabwino. Kanthu kakang'ono kameneka ine kamandisangalatsa kuposa golide yense wa Eleonora, chifukwa apa mukuona nzeru za mayi mwiniwake.

Chachisanu ndi chiwiri: onani zimene zili m'manja ndi pansi pa mapazi

Elizabeth I ndiye mphunzitsi wabwino pa mbali iyi. Pa chithunzi chokumbukira kugonja kwa zombo za nkhondo za ku Spain mu 1588, dzanja lake lili pa chibulunga cha dziko lapansi, zala zitagwira America, ndipo diresi ladzaza ngale zosonyeza kuti ndi namwali wosakwatiwa. Pa china cha m'ma 1592, chojambulidwa ndi Marcus Gheeraerts, waima pa mapu a England. Pa cha ku Hatfield House cha m'ma 1600 wagwira utawaleza, pamkono papetedwa njoka yoimira nzeru, ndipo chofunda chake chadzaza maso ndi makutu, kuchenjeza aliyense kuti mfumukazi imaona ndi kumva zonse. Nthawiyo n'kuti ali ndi zaka zoyandikira 70, koma nkhope ndi ya mtsikana.

Chenjezo langa n'lakuti musasandutse chilichonse chizindikiro. Pa chithunzi cha mfumukazi, zinthu zinkasankhidwa ndi alangizi ophunzira. Pa chithunzi cha mkazi wa wamalonda, ngale zingangotanthauza kuti mwamuna wake anatha kuzigula.

Chachisanu ndi chitatu: musadumphe amene waima pambali, ndipo funsani kumene chuma chinachokera

Pa chithunzi cha Louise de Kéroualle chimene Pierre Mignard anapenta mu 1682, chimene chili ku National Portrait Gallery, pali mwana wachikuda atavala mkanda wa ngale m'khosi, akupereka kwa mayiyo chigoba chodzaza ngale. Pa cha Elena Grimaldi chimene Van Dyck anapenta ku Genoa mu 1623, mnyamata wachikuda wanyamula ambulera yofiira pamwamba pa mutu wa mayiyo. Ana amenewa anaikidwapo ngati mbali ya zovala za mayi wolemerayo, kuti khungu lake lioneke loyera kwambiri ndiponso kuti chuma chake chioneke kuti chimafika kutsidya kwa nyanja. Dzina la mtsikana wa pa chithunzi cha Mignard silinalembedwe. Muwerengereni zovala zake mwachidwi chomwecho chimene munapereka kwa mayiyo, ndipo polemba za chithunzicho nenani kuti pali anthu awiri.

Pali chithunzi china cha m'ma 1580, chimene amati anapenta Annibale Carracci, cha mayi wachikuda atanyamula wotchi yagolide. Wavala diresi lakuda ndi mkanda wofiira, ndipo pachifuwa wabayapo singano ndi mapini, monga amachitira munthu wosoka kuti zisasowe. Chinadulidwa ku chithunzi chachikulu, moti m'mphepete mukuonekabe mbali ya mayi wina amene iye anaima pambali pake. Amene anali wapambali ndiye anatsala, akukuyang'anani m'maso.

Ngakhale pamene palibe wachikuda pa chithunzi, funsanibe. Oopjen uja, amene chithunzi chake ndi cha mwamuna wake Marten Soolmans zinagulidwa mu 2016 ndi mayiko a Netherlands ndi France pa mtengo wa mayuro 160 miliyoni, anakwatiwa m'banja limene linalemera ndi fakitale yoyenga shuga ku Amsterdam. Shuga ameneyo ankachokera ku minda ya nzimbe ya ku Brazil yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Lesi, ngale ndi chokupizira mphepo cha nthenga za nthiwatiwa chimene wagwira zinagulidwa ndi thukuta limenelo.

Kuvekedwa zovala za eni kunalinso ndi cholinga. Mu 1616 Simon van de Passe anajambula ku London Pocahontas, mayi wa mtundu wa eni nthaka a ku America, atavala chipewa chachitali ndi kolala ya lesi ngati mayi wachingelezi, ndipo analemba mayina ake awiri, Matoaka ndi Rebecca. Kampani ya Virginia, imene inkakhazikitsa Angelezi ku America, inkafuna anthu oikamo ndalama, ndipo chithunzicho chinali umboni wake woti anthu a ku America akutembenuka. Pocahontas anamwalira ku Gravesend, ku England, chaka chotsatira. Chenjeraninso ndi chithunzi chofala cha mfumukazi Njinga ya ku Ndongo ndi Matamba, ku Angola wa lero, chimene chimamuonetsa atavala chisoti chachifumu, phewa lili pamtunda. Njinga anamwalira mu 1663, ndipo chithunzicho chinajambulidwa ku France m'ma 1830 ndi munthu amene anangomuganizira. Nthawi zonse yerekezani chaka cha chithunzi ndi zaka zimene munthuyo anakhala ndi moyo.

Chomaliza: fufuzani pamene mayi anadzisankhira yekha

Zithunzi zotere zilipo, ndipo mukafika pa izo mutadutsa masitepe enawa mumaona kusiyana kwake. Yambani ndi amayi amene ankadzipenta okha. Sofonisba Anguissola wa ku Cremona, amene mu 1559 anaitanidwa kukatumikira mfumukazi ku Spain, ankadzijambula atavala zakuda zosakongoletsa, kakolala koyera, opanda ngale. Anali mwana wa banja lolemekezeka ndipo akanatha kutchena, koma anafuna kuti anthu amuone ngati munthu wophunzira ndi wodzisunga. Judith Leyster wa ku Haarlem anachita zosiyana. Pa chithunzi chake cha m'ma 1630 chimene chili ku Washington wakhala pa ntchito, maburashi ambiri ali m'manja, koma wavala kolala yaikulu ndi diresi labwino loti penti akadontherapo lawonongeka. Sankagwira ntchito atavala choncho. Akuuza makasitomala kuti luso lake limamudyetsa bwino, ndipo mu 1633 analowadi m'bungwe la amisiri ojambula la mumzindawo.

Kenaka fufuzani chithunzi chachikulu cha magawo atatu chimene Anne Clifford analamula kuti chipentedwe mu 1646, chimene chimasungidwa ku Kendal, kumpoto kwa England. Bambo ake atamwalira mu 1605 anasiyira malo onse a banja mchimwene wawo, mwana wamkaziyo n'kumudumpha. Anne analimbana ndi nkhaniyi zaka 38, osamvera mwamuna wake woyamba ngakhale mfumu James imene inamuuza kuti agonje, mpaka mu 1643 malowo anabwerera kwa iye. Kumanzere kwa chithunzicho ali ndi zaka 15, msinkhu umene analandidwa cholowa, atavala diresi lopetedwa bwino, mabuku ataikidwa mwadongosolo pamwamba pake. Pakati pali makolo ake ndi alongo ake awiri amene anamwalira ali ana. Kumanja ali ndi zaka 56, atavala zakuda ndi kolala yoyera yosakongoletsa, dzanja lili pa mabuku, ndipo amuna ake awiri angokhala tizithunzi ting'onoting'ono topachikidwa kukhoma kumbuyo kwake.

Pa chithunzi chimenechi bwerezani masitepe onse kuyambira pa funso la amene analipira. Yerekezani nsalu za kumanzere ndi za kumanja, onani makolala awiriwo ndi zaka 41 zimene zawalekanitsa, ndipo werengani mayina a mabuku, chifukwa mmisiri anawalemba kuti aziwerengeka.